Mkuyu wa pa Dooko

Kumudzi kwathu, m'mphepete mwa mtsinje wa Lisungwi, kunali mkuyu waukulu pamalo pamene anthu ankawolokera. Malowo tinkangowatchula kuti pa dooko. Munthu akamalondolera mlendo ankati, "Mukafika pa mkuyu muwoloke, kenaka mukhotere kumanja." Amayi ankachapa pamiyala ya pansi pake, anyamata oweta mbuzi ankausapo dzuwa likatentha, ndipo onyamula wodwala pa machira ankapumirapo asanayambe kukwera chitunda.

Agogo anga aamuna ankanena kuti iwo ali mwana, kuchokera pa tsinde la mkuyuwo kukafika pamadzi panali mapazi 30, ndipo pakati ponsepo panali bango lokhalokha. Pamene ine ndinkakula panali patatsala mapazi ngati 10, ndipo bango linali litatha chifukwa anthu analima mpaka m'mphepete mwenimweni. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atadutsa, mizu ya mbali ya kumadzi inatsala ili lende. Mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, mkuyuwo unagwa usiku. Kutacha tinapeza phompho pamalo pake. Mpaka lero anthu amanenabe kuti "tikumane pa mkuyu", ngakhale mkuyuwo palibe.

Sindikulemba izi ngati munthu wopanda mbali pa nkhaniyi. M'chaka cha 2016 mvula inadula msanga ndipo chimanga chinapserera m'munda. Pakhomo panali ana anayi, ndipo mwana wanga wamkazi anali ku sekondale, fizi ikufunika. Ndinatenga nkhwangwa n'kukadula mitengo ya tsanya imene inali pachitunda cha pamwamba pa dooko. Ndinawotcha makala katatu. Matumba ndinkawanyamula pa njinga kupita nawo kumsewu waukulu, kumene malole opita ku Blantyre amaima. Ndalama zake tinagulira chimanga, mwanayo sanasiye sukulu, ndipo palibe amene anagona ndi njala masiku awiri otsatizana. Pa nthawiyo sindinadzione ngati wolakwa. Ndinkadziona ngati bambo amene wachita zimene bambo ayenera kuchita.

Kumunsi kwa dooko kunali dimba la amayi ena amasiye, amene tonse timawatchula kuti azakhali ngakhale si abale athu enieni. Ankalimamo tomato, mpiru ndi chimanga chamwamsanga, ndipo ndi mmene ankapezera sopo ndi mchere wa adzukulu awo. Madzi amene anagwetsa mkuyu anatenga theka la dimbalo, theka linalo n'kulikwirira ndi mchenga wofika m'mawondo. Nditapita kukawaona ndinati, "Azakhali, pepani ndi zimene zachitikazi." Iwo anangoyankha kuti, "Mwanangu, awa ndi madzi. Madzi ungawaimbe mlandu?" Sanandiloze chala, ndipo ndikhulupirira kuti sanaganizeko n'komwe za mitengo yanga ija. Koma pobwerera ndinadutsa pachitunda chija, ndinaona zitsa ndi chigwembe chimene chinang'ambika pakati pake kulunjika kumtsinje. Kuyambira tsiku limenelo funso ili silinandichoke: kodi munthu ali ndi mangawa kwa anthu amene sanawalakwire mwadala, amene ena mwa iwo sadzawaona n'komwe?

Tisanayankhe, ndi bwino timvetse mmene chitunda chimagwirizanirana ndi mtsinje. Mvula ikagwa pamalo a mitengo, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimachedwetsa madzi, ndipo mizu imatsegula njira zoti madziwo alowe m'nthaka. Madzi olowa pansiwo ndi amene amatuluka pang'onopang'ono mu akasupe m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Pamalo opanda mitengo, madzi onse amathamanga nthawi imodzi atanyamula dothi la pamwamba, lomwe ndi lachonde. Mtsinje umadzaza mofulumira, umagunda gombe mwamphamvu makamaka pokhota, ndipo ngati bango ndi udzu zinachotsedwa palibe chogwira dothi. Ndiye chifukwa chake mtsinje womwewo umene umasefukira mu Febuluwale umasanduka mchenga m'chilimwe. Komanso tsanya amakula mochedwa kwambiri. Kulimba kwake ndi kumene kumachititsa kuti makala ake akhale olemera ndi okondedwa ndi ogula, ndipo mtengo umene munthu amaugwetsa m'mawa umodzi unatenga zaka zambiri kuti ufike pamenepo.

Mtima wanga unali ndi mayankho okonzeka, ndipo ndikuganiza kuti ambiri a ife tili nawo. Loyamba linali lakuti mitengo yanga inali yochepa. Lisungwi amachokera kutali, kumapiri a Kirk Range, ndipo amalandira madzi a timitsinje tambiri. Ndikanapanda kudula, kodi mkuyu ukanapulumuka? Mwina ayi. Namondwe wa Freddy anali wamphamvu zedi: m'dziko muno anthu oposa 600 anafa ndipo mazana ena sanapezeke. Ngakhale kale mitsinje inkasintha popanda dzanja la munthu. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Choncho kungakhale kudzikuza kuganiza kuti chilichonse chochitika pamtsinje ndi ntchito ya manja athu.

Koma yankho limeneli lili ndi vuto. Aliyense amene anadula mitengo m'chigwa chonse cha Lisungwi angathe kunena mawu omwewo, ndipo aliyense angakhale akunena zoona. Tikawasonkhanitsa onse, tipeza zitunda zambee, koma osapeza ngakhale munthu mmodzi wovomera kuti anazivula. Ganizirani anthu 50 amene aliyense watapa chibaba chimodzi cha chimanga m'nkhokwe ya nkhalamba. Palibe amene anaipha ndi njala payekha, koma nkhokwe yatha. Kuchepa kwa gawo langa kumasonyeza kukula kwa mangawa anga, kuti ndi ochepa poyerekeza ndi onse pamodzi. Sikusonyeza kuti mangawawo palibe.

Yankho lachiwiri linali lamphamvu kuposa loyamba: ndinali ndi njala. Ili sindilipeputsa, ndipo aliyense amene sanamvepo mwana akulira usiku chifukwa cha m'mimba mopanda kanthu asafulumire kuweruza. Chikondi cha kholo pa mwana ndi chinthu chabwino, ndipo munthu amene angasiye mwana wake kuti afooke pofuna kupulumutsa mtengo sitingamutche wolungama. Ndikanabwerera m'chaka chija, wopanda njira ina, ndikuganiza kuti ndikanatenganso nkhwangwa.

Apa ndinathandizidwa posiyanitsa zinthu ziwiri zimene nthawi zambiri timazisakaniza, mlandu ndi ngongole. Munthu amene nyumba yake ikupsa akatenga chidebe cha mnansi popanda kupempha, palibe mfumu imene ingamuzenge mlandu wakuba. Koma chidebecho chikasweka, moto utazima, munthu wamakhalidwe amapita kwa mnansiyo kukakambirana za kubweza. Kuvutika kwake kunachotsa mlandu, koma sikunasandutse chidebecho kukhala chake. Inenso chimodzimodzi. Njala ya 2016 ingandichotsere manyazi, koma dothi limene linachoka pachitunda chija linali lotchinjiriza dimba la munthu wina. Ndinabwereka popanda kupempha, ndipo mwini wake sanadziwe n'komwe kuti wandibwereka. Kusadziwa kwake sikuchepetsa ngongoleyo. Kumangochititsa kuti pasakhale wondikumbutsa, kupatula chikumbumtima changa.

Yankho lachitatu linali lakuti olakwa enieni ali kutauni. Izinso zili ndi choonadi. Makala amene amaunjikidwa m'mbali mwa msewu pa Zalewa ndi pa Kam'mwamba sagwiritsidwa ntchito ndi anthu a ku Neno. Amakaphikira nsima ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni. M'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo, koma kawirikawiri amene amaoneka pamsewu ndi munthu wokankha njinga, pamene phindu lalikulu limatsala kwa ogula mopikulitsa. Wowotcha amalandira zochepa pa thumba limene likafika mumzinda limagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri. Chilungamo chimafuna kuti zimenezi tizinene poyera, ndipo amene amadya zambiri pa malondawa ali ndi ngongole yaikulu kuposa wa njinga.

Komabe tikayang'anitsitsa, mayi wa ku Ndirande amene amagula kathumba ka makala madzulo alinso ndi yankho lake. Magetsi alibe, kapena athima, ndipo ana akudikira chakudya. Iyenso ali mkati mwa njala yake. Chodabwitsa n'chakuti tonsefe tamangidwa ndi chingwe chimodzi, chomwe ndi Shire. Madzi ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mathithi a mtsinje womwewu: pa Nkula, pamene anayamba mu 1966, pa Tedzani kuyambira 1973, ndi pa Kapichira kuyambira 2000. Izi zimatheka chifukwa pakati pa Matope ndi Chikwawa mtsinjewu umatsika pafupifupi mamita 400. Dothi lokokoloka m'zitunda limakadzaza m'madamu a malo amenewa ndipo limachepetsa madzi oyendetsa makina. Magetsi akachepa, anthu ambiri amabwerera ku mbaula, makala amafunika ochuluka, mitengo ina imagwa, ndipo dothi lina limatsikira mumtsinje. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunafika ponseponse. Pa nthawi ya Freddy, matope otsika m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe. Wogula makala ndi wowotcha makala analira mwezi umodzi.

Zimenezi zinandiphunzitsa kuti palibe munthu amene ali kumtunda kokha kapena kumunsi kokha. Ife a ku Lisungwi timalandira zimene anthu a kumapiri achita m'minda yawo. Zimene ife tachita zimalowa mu Shire n'kutsikira ku Kapichira, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kenaka kukalowa mu Zambezi m'dziko la Mozambique, kwa anthu amene sanamvepo dzina la mudzi wathu. Mtsinje sudziwa malire a mafumu, a maboma kapena a mayiko. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'mphepete mwa mtsinje mwambi umenewu si fanizo chabe, chifukwa madzi amene adutsa pakhomo pa mnzako lero amafikadi kwa iwe. Ngati aliyense adikira kuti wa kumtunda kwake ayambe wasintha, palibe amene adzayambe.

Latsala funso lovuta kwambiri, la anthu amene sanabadwe. Azakhali ndimawadziwa, ndipo ndingathe kupita kukawathandiza kufukula mchenga. Koma kodi ndingakhale bwanji ndi ngongole kwa mwana amene adzabadwe zaka 40 zikubwerazi? Sanandipatse kanthu, sangandithokoze, ndipo sangandisumire kwa amfumu.

Yankho ndinalipeza pokumbukira zimene ine ndinalandira. Mkuyu uja sindinaubzale. Mibadwo ingapo ya anthu inali ndi nkhwangwa ndipo inakumana ndi njala zake, kuphatikizapo ya 1949 imene agogo ankaisimba, koma onse anausiya uli chiimire. Mango amene ndinadya ndili mwana anabzalidwa ndi anthu amene sindinawaone. Kumtunda kwa Neno mabanja ambiri amalipirira ana sukulu ndi manachesi a mitengo imene makolo awo anabzala. Milambe ya m'chigwa, imene zipatso zake anthu a ku Kam'mwamba anaphunzira kupangira chakumwa chogulitsa, ndi yakale kuposa mudzi uliwonse wozungulira. Palibe mmodzi wa ife amene analipira zimenezi. Anthu amene anatisiyira sitingathe kuwabwezera chifukwa anapita. Njira yokhayo yobwezera ndi kupereka kwa amene akubwera m'mbuyo mwathu. Munthu amene wadya za akale n'kukana kusiyira a mawa ali ngati mlendo amene walandiridwa bwino, wakhuta, kenaka pochoka n'kuswa mbale.

Pachikhalidwe chathu munda sumakhala wa munthu mmodzi kotheratu. Umadutsa m'manja mwake kuchokera kwa makolo kupita kwa ana, ndipo mwini mbumba amene wawononga malo a banja amafunsidwa. Ndikuganiza kuti dziko lonse, mapiri ndi mitsinje yake, tiyenera kuliona chimodzimodzi, ngati katundu amene Mlengi watisungitsa. Wosungitsidwa amaloledwa kugwiritsa ntchito, ndipo nthawi ya mavuto angathe kutapako. Chimene saloledwa ndi kuiwala kuti tsiku lina adzapereka m'manja mwa wina. Komanso tisaiwale kuti tachuluka. Mu 1966 dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa 138,000 mwa iwo anali a boma lathu la Neno. Zimene agogo ankachita popanda kuwononga, monga kutsegula munda watsopano nthaka ikatopa, ife sitingazichite mofanana. Makhalidwe abwino amafuna kuti munthu aziona nthawi imene akukhalamo.

Nanga ngongole yotere imabwezedwa bwanji? Mkuyu sindingaudzutse, ndipo dothi limene linapita silidzabwerera. Koma nditapitanso pachitunda chija ndinaona kuti zitsa zambiri sizinafe. Zinali zitaphuka, kungoti mbuzi ndi moto wolusa zinkawononga mphukirazo chaka ndi chaka. Mlangizi wa zaulimi anandisonyeza kuti pa chitsa chilichonse ndisankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo ndidule, ndipo ndilambule udzu mozungulira moto usanayambe. Mtengo wophuka pa chitsa umakula msanga kuposa mbande yobzala chifukwa mizu yake ndi yakale ndipo inafika kale pansi. M'chigwembe chija ndinaika miyala mopingasa ndi kubzala udzu wa vetiva. Mayi a kunyumba anaumbitsa mbaula yadothi ya chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa. Ndinapitanso kwa azakhali ndi ana anga aamuna awiri, ndipo tinagwira masiku angapo kuchotsa mchenga pa gawo la dimba limene linatsala. Ndinawauza za mitengo ija. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Wachita bwino kunena, mwanangu. Enawo akanena liti?"

Funso lawolo ndi limene linandisonyeza malire a zimene munthu mmodzi angachite. Ndikasamala mphukira zanga koma mnansi n'kutentha tchire posaka mbewa, ntchito yanga yapita. Ndikasiya bango m'mphepete mwa munda wanga koma wa kumtunda n'kulima mpaka m'madzi, gombe lidzadyekabe. Ngongole imene tinaitenga tili ambiri iyeneranso kubwezedwa tili ambiri. Izi zimafuna kukhala pansi, amuna, amayi ndi achinyamata, n'kukambirana moona mtima popanda kufunafuna woti timunyoze. Pamsonkhano wotere wowotcha makala ayenera kukhala ndi ufulu wonena vuto lake popanda mantha, chifukwa mudzi umene ungomuletsa osamuthandiza kupeza njira ina wangosamutsira katundu wa onse pamutu pa wosauka. Ngati tikufuna kuti asadule mtengo m'chaka cha njala, tiyenera kuyamba kale kuganizira za nkhokwe ya mudzi, banki ya m'mudzi, ming'oma ya njuchi kapena ulimi wothirira. Kupempha munthu kuti asunge za mawa pamene ife sitikusamala za lero lake si chilungamo.

Sindinganame kuti funso lonse latha. Chaka china mvula idzadulanso, ndipo bambo wina adzaima pamaso pa mtengo ali ndi nkhwangwa m'manja ndi mwana wanjala kunyumba. Sindikudziwa ngati ndidzakhale ndi mphamvu yomuuza kuti aleke. Chimene ndingathe kumuuza ndi zimene ndinaphunzira mochedwa: ngati wakakamizika kudula, asadule wa m'mphepete mwa mtsinje, asiye chitsa chamoyo, ndipo adziwe kuti wabwereka. Ndiyeneranso kudzifunsa ngati m'nkhokwe mwanga mulibe chimene chingamuchititse kubweza nkhwangwayo kunyumba.

M'dzinja lapitali tinazika nthambi zitatu za mkuyu chapatali ndi phompho lija, ndipo imodzi yagwira. Ndi yaifupi kuposa mdzukulu wanga. Pa msinkhu wangawu sindidzakhala pamthunzi wake, ndipo amene adzachapire pansi pake sadzadziwa amene anaizika, monga mmene ifenso sitinadziwire amene anasiya woyamba uja.

Pokambirana m'gulu lathu, tiyeni tiganizire mafunso awa:

1. Ndi malo ati kapena mitengo iti ya kwanuko imene munaipeza ndipo lero kulibe? Ndani anaisunga kuti ikufikeni, ndipo inatha bwanji?

2. Kodi mukugwirizana ndi kusiyanitsa mlandu ndi ngongole? Perekani chitsanzo china cha pamene munthu sanalakwe koma ayenerabe kubweza.

3. Ndani ali kumunsi kwa inu, amene amalandira zotsatira za zochita zanu popanda kudziwa? Nanga ndani ali kumtunda kwanu?

4. Kodi mudzi ungachite chiyani chaka chino kuti banja losauka lisadzakakamizike kusankha pakati pa mwana ndi mtengo?